Za Liwu Lachingerezi Lakuti Glitter

Munthu amene wadziwa kuwerenga atakula kale sayendanso m'tauni monga ankayendera poyamba. Zikwangwani zimene zinali mizeremizere chabe zimayamba kumulankhula, ndipo akamadutsa mu Haile Selassie Road kapena pakati pa masitolo a ku Limbe, maso ake amaima pa liwu lililonse. Ambiri mwa mawu amenewa ndi Achingerezi. Limodzi mwa iwo, limene limapezeka pa timabotolo ta utoto wa m'zikhadabo, pa timapaketi ta zokometsera keke ndi pa zinthu zokongoletsera makhadi aukwati, ndi liwu lakuti glitter. Wophunzirayo akafunsa mwana wake wapasukulu tanthauzo lake, yankho limabwera msanga: "Ndiye kuti kuwala, bambo." Mwanayo sananame. Koma yankho lake ndi loperewera kwambiri, monga munthu atafunsa kuti chambo n'chiyani, nauzidwa kuti ndi ndiwo.

Dzuwa limawala, koloboyi amawala, ndipo khala la pambaula nalonso limawala, koma Mngerezi sangatchule kuwala kwa zimenezi ndi liwu lija. Liwuli limanena za kuwala kogawikana, kochokera pa tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri, kena kakamayaka kena kakuzima. Chinthu chotere chilibe moto wakewake, chimangobweza kuwala kumene chalandira. Wofuna kumvetsa bwino apite ku damu la Mudi masana, kamphepo kakuomba pang'ono. Madzi akakhala bata, dzuwa limaoneka m'menemo limodzi lokha, lobulungira bwino. Mphepo ikangowakhudza, pamwamba pake pamadzuka timafunde tosawerengeka, ndipo kafunde kalikonse kamasanduka kakalilole kopendekeka mwakemwake. Kamene kalunjika kwa woonayo kamamuponyera dzuwa m'maso, kenaka kapendekeka n'kuzima, kena n'kuyamba pomwepo. Ndicho chifukwa chake pamafunika kuti china chake chiyende: madziwo, kapena kuwalako, kapena munthu woonayo. Mamba a chambo chimene wogulitsa akuchitembenuza mumsika wa Limbe, mame a pa udzu dzuwa likungotuluka, ndi zidutswa za mabotolo zimene eni nyumba ena amazika pamwamba pa mipanda yawo yanjerwa, zonsezi zimachita chimodzimodzi.

Liwuli lili ndi abale ake, ndipo wophunzira ayenera kuwasiyanitsa. Denga la malata atsopano dzuwa lili paliwombo limathobwa m'maso, ndipo kuwala kotere Angerezi amakutcha glare. Khala lofiira lopanda malawi amalinena ndi liwu lakuti glow. Liwu lakuti sparkle lidachokera ku dzina lawo la mbaliwali ya moto, ndipo limakhala ndi chimwemwe mkati mwake, kotero kuti amalinenanso za maso a mwana wokondwa. Tsono pali twinkle, limene anthu a m'Blantyre amaliona usiku uliwonse magetsi akapanda kuzima. Munthu akaima pamtunda ku Ndirande kapena ku Soche nayang'ana kutsidya, magetsi akutali amaoneka ngati akuphethira, chonsecho mababu ake akuyaka mosalekeza. Chimene chimachitika n'chakuti pakati pa diso ndi getsi pali mpweya wotentha ndi wozizira umene ukusakanikirana, ndipo mpweyawo umapotoza njira ya kuwala uku ndi uku. Nyenyezi zimaphethira pa chifukwa chomwechi. Nthanda siiphethira kwenikweni, pakuti iyo ndi dziko lina lozungulira dzuwa, lapafupi kwambiri kuposa nyenyezi, ndipo kuwala kwake sikuchokera pa kadontho kamodzi kokha.

Angerezi nawonso liwu la glitter adachita kulandira. Lidafika ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya, a ku maiko amene lero ndi Norway ndi Denmark, amene ankaoloka nyanja ndi ngalawa nakhazikika m'zigawo zina za England. M'chilankhulo chawo munali mneni wakuti glitra, ndipo m'zolembedwa za Chingerezi liwuli lakhala likupezeka kwa zaka zoposa 600. Akatswiri a zilankhulo adaona kuti mawu ambiri Achingerezi onena za kuwala amayamba ndi zilembo ziwiri zomwezi, g ndi l: gleam, glint, glimmer, glisten, ndi glare ndi glow aja. Ichi chingathandize wophunzira kukumbukira, koma asachiyese lamulo. Glyn Jones Road siinyezimira kuposa misewu inzake. Idangotenga dzina la bwanamkubwa wotsiriza wa Nyasaland.

Pali anthu ena ophunzira amene amati Chichewa n'chosauka, ndipo akafika pa mawu otere amangogwedeza mutu, amvekere, "Izi m'chilankhulo chathu mulibe." Anthu amenewa sanakhale pansi ndi agogo awo nthawi yokwanira. Mchewa amati mphezi yang'anima, ndipo kuwala kwake kwadzidzidzi ndi ching'aning'ani. Amati nyenyezi zikuthwanima, ndipo chiphaniphani nachonso chimathwanima m'dambo nthawi ya dzinja. Amati diso laphethira, nabwereka liwu lomwelo ponena za nyali imene ikutha mafuta. Amati moto ukuthetheka, mbaliwali zikuuluka. Amati mkanda ukunyezimira. Ndipo amene ali ndi khutu adzamva kuti m'dzina la nyenyezi muli kamvekedwe komweko kamene kali mu kunyezimira. Mawu onsewa ali ndi malo akeake, ndipo mayi wa ku Chilomoni amene sanapondeko m'kalasi sangasokoneze n'kunena kuti mphezi yanyezimira kapena kuti mbale yotsukidwa bwino yang'anima.

Komatu chuma chenicheni chili m'mawu aja amene aphunzitsi a Chichewa amawatcha mivekero. Munthu akati kunja kwayera mbee, kapena nyali yawala ngwee, kapena nsalu ili waliwali, kapena magetsi ali phethiphethi, womvayo amachiona chinthucho ngati chili pamaso pake. Kubwereza kwa liwu, wali ndi wali, phethi ndi phethi, kumachita m'kamwa chimene timafunde ta pa Mudi timachita m'maso: kuyaka, kuzima, kuyakanso. Chingerezi chili nayo mivekero yochepa, ndipo chimaiona ngati mawu a ana. Pano ndi mawu a akuluakulu, a m'milandu ndi m'maulaliki. M'busa David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891, adazindikira kulemera kwa chilankhulo cha anthu amene ankakhala nawo, nasonkhanitsa mawu ake m'buku lalikulu lotanthauzira Chimang'anja limene lidatuluka m'chaka cha 1892. Alexander Hetherwick adalikonzanso nalitulutsa m'chaka cha 1929. N'chinthu chochititsa manyazi pang'ono kuti mlendo wochokera ku Scotland adaona chuma pamene ana a eni nthaka ena akuona umphawi.

Mzinda wa Blantyre weniweniwo uli ndi dzina limene mbiri yake imakhudza kubweza kwa kuwala. M'chaka cha 1878 ku Glasgow kudakhazikitsidwa kampani yamalonda imene idadzadziwika kuti African Lakes Corporation, ndipo oiyendetsa kuno anali anyamata awiri apachibale, John Moir ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi am'maso. Mbiri imati anthu poona mmene magalasiwo ankabwezera kuwala adamupatsa dzina lakuti Mandala. Dzinalo lidachoka pa munthu n'kupita pa kampani, pa masitolo ake m'dziko lonse, pa nyumba yosanja imene idamangidwa m'chaka cha 1882 ndipo idakalipo, ndiponso pa dera lonse lozungulira nyumbayo. Anthu amene adapereka dzinali sankadziwa Chingerezi, koma adaona kanthu kakang'ono kothwanima pankhope pa mlendo, nakatchula, ndipo dzina lawolo lakhalitsa kuposa Mzunguyo. Abale a ku Zambia nawonso, posintha ndalama zawo m'chaka cha 1968, adatenga mvekero uja wakuti ngwee naupanga dzina la kandalama kawo kakang'ono. Ngakhale dzina lakuti Malawi ambiri amalimasulira kuti ndi malawi a moto, ena n'kumati ndi kuwala kwa dzuwa lotuluka pamwamba pa nyanja.

Nanga tsono glitter amasuliridwe bwanji? Liwu loyandikira kwambiri ndi kunyezimira, ndipo womasulira akalisankha sanalakwe. Koma kunyezimira n'kotakata kuposa liwu Lachingerezilo. Nsapato yopakidwa polishi imanyezimira, mphumi ya munthu wodzola mafuta imanyezimira, galimoto yotsukidwa imanyezimira, ndipo pa zonsezi Mngerezi angasankhe mawu ena, pakuti kuwala kwake n'kosalala, kosagawikana. Wofuna kulunjika bwino awonjezere mvekero, anene kuti diresi likunyezimira waliwali, kapena asankhe kuthwanima ngati kuwalako kukudumphadumpha. Apa Chichewa chimafuna mawu awiri pamene Chingerezi chafuna limodzi. Pa malo ena zinthu zimatembenuka, Chingerezi n'kufuna chiganizo chathunthu kuti chinene chimene ngwee wanena kamodzi.

Vuto lalikulu lili kwina, ndipo mabuku ambiri otanthauzira mawu salitchula. Liwu la glitter limayenda ndi chikayiko. Mngerezi akalimva, kumbuyo kwa mutu wake kumamveka mwambi wakale wochenjeza kuti chinthu chikanyezimira sindiye kuti ndi golide. Mwambiwu ndi wakale kuposa William Shakespeare, koma ndiye adautchukitsa m'sewero lake lotchedwa The Merchant of Venice, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1600. M'seweroli muli mkazi wolemera, Portia, amene bambo wake pomwalira adasiya lamulo lakuti womukwatira asankhe limodzi mwa mabokosi atatu, lagolide, lasiliva ndi lamtovu. Kalonga wa ku Morocco adasankha lagolide, napezamo chibade cha munthu wakufa ndi kalata yomuseka. Chithunzi cha mkaziyo chinali m'bokosi lamtovu, losaoneka bwino lija. Shakespeare adalemba glister, limene linali mbale wake wa liwuli, koma anthu a pambuyo pake adazolowera kunena glitter. Wowerenga wa kuno angaone yekha kuti mlembiyo adasankha munthu wa ku Africa kuti akhale woyamba kunyengedwa ndi golide, chonsecho m'masiku akewo onyengedwa kwambiri anali a kwawo komweko. M'chaka cha 1578 Martin Frobisher adabwera ku England ndi zombo zodzaza miyala yakuda, matani oposa 1,000, imene adakumba kumpoto kwa Canada poiyesa kuti muli golide. Itayesedwa pamoto idapezeka yachabechabe. Sewero lija Julius Nyerere adalimasulira m'Chiswahili, nilituluka m'chaka cha 1969.

Amuna a dziko lino amene adapita ku Joni pa Wenela amaidziwa nkhaniyi kuposa ophunzira a m'kalasi. Golide wa ku Johannesburg adapezeka m'chaka cha 1886, ndipo kwa zaka zambiri anyamata zikwizikwi ochokera m'midzi ya kuno ankatsika m'migodi imeneyo, kufikira boma lidaimitsa ulendowo m'chaka cha 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74. Mwala umene ankaswa pansi pa nthaka ndi wotuwa. Golide wake kawirikawiri saoneka ndi maso, pakuti ndi tinthu tochepetsetsa, magalamu owerengeka m'tani yathunthu ya miyala. Chimene chimathwanima chikasu nyali ikaunika, nthawi zambiri ndi mwala wina wotchedwa pyrite, umene Azungu amautcha golide wa zitsiru. Munthu ankatha kugwira ntchito zaka m'mgodi wa golide osaona golide ngakhale tsiku limodzi. Ana a ku Bangwe akatola timiyala tonyezimira mumchenga mvula itakokolola, nathamangira nato kwa agogo awo amene adapitako ku Joni, nkhalambayo imangoseka.

Makolo a kuno anali nalo chenjezo lomweli, koma sadalimangirire pa kuwala. Iwo adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Adayang'ana chipatso chimene mwana aliyense adachithyolapo nachibanthula, ndipo phunziro lawo limakhudza kukoma kwa maonekedwe onse, kaya a munthu, kaya a mudzi, kaya a malonda. Chifukwa cha ichi liwu la kunyezimira lidatsala loyera, lopanda mlandu. M'mapemphero ndi m'maulaliki limanenedwa za ulemerero ndi za zovala za angelo, ndipo palibe womva amene amaganiza zachinyengo. Apa ndipo pali mbuna ya womasulira. Mlembi Wachingerezi akalemba za moyo wa m'tauni ndi liwu la glitter, kawirikawiri akutanthauza kukongola kwapamwamba kopanda kanthu mkati. Womasulira akangoika kunyezimira, Mchewa amamva chiyamiko pamene mwini mawu adaika chidzudzulo. Nkhani yonse yatembenuka, ngakhale liwu lililonse lamasuliridwa monga buku likunenera.

Chodabwitsa n'chakuti achinyamata a m'makwalala adadzipezera okha liwu lonyamula chikayikocho. Adatenga liwu lina Lachingerezi lonena za kuwala nalisandutsa kushaina. Akati uje akushaina ndi foni yatsopano, satanthauza kuti munthuyo akuwala, akuti akudzionetsera. Aphunzitsi ambiri amaliletsa liwuli m'kalasi, ndipo m'chimangirizo cha mayeso lilibedi malo. Koma amene adalipanga adamva bwino lomwe mbali ija ya Chingerezi imene mwana wapasukulu uja adaiphonya. Mlembi wa Chichewa chapamwamba ali nawo mawu ake okwanira pa ntchito imeneyi: kudzionetsera, matama, zachiphamaso. Liwu lotsirizali ndi labwino koposa, pakuti limanena chimodzimodzi za chinthu chimene chapha maso kuti asaone zenizeni.

Olemba nyuzipepala za Chingerezi ali ndi mlandu wawo pa liwuli. Ukwati waukulu ukachitika m'holo ya m'tauni, kapena kampani ikachita phwando lopereka mphoto, chizolowezi chawo n'kulemba kuti mwambowo unali glittering. Amatero ngakhale magetsi adazima pakati pa zolankhula, alendo n'kumaunikira ndi mafoni. Liwu likagwiritsidwa ntchito motero limatha mano ngati khasu lolimira pamiyala, ndipo wowerenga salionanso. Mtolankhani amene adalipodi pamalopo akadanena chimene adaona: mikanda ya pa velo ya mkwatibwi, thukuta la pa mphumi ya oimba, matambula pa thebulo la akuluakulu. Oulutsa mawu m'Chichewa akamatsanzira chizolowezichi ndi kunena kuti mwambo unali wonyezimira, amabweretsa chiganizo chimene mayi wa ku Zingwangwa sangachinene pofotokozera mnzake za ukwati. Iye angati zinthu zinali bwino zedi, anthu adatchena, mkwatibwi ali waliwali. Mwambo sunyezimira m'Chichewa. Chimanyezimira ndi chinthu chogwirika.

Tsono wophunzira abwerere ku kabotolo kaja ka m'sitolo, pakuti pamenepo liwuli silikugwira ntchito ya mneni. Ndi dzina la chinthu: tizidutswa tonyezimira tonga mchenga timene amawaza pa makhadi, pa nsalu, m'tsitsi ndi pa zikope. Atsikana a m'masaluni amatitchula ndi liwu lomwelo Lachingerezi, n'kungoikako ma kutsogolo. Palibe chifukwa chowadzudzulira, pakuti chinthucho n'chachilendo ndipo chidabwera ndi dzina lake, monga momwe zidabwerera sopo ndi buledi. Kapangidwe kake kadayamba ku New Jersey, ku America, m'zaka za m'ma 1930, ndipo amene amatchulidwa kuti adapanga makina otidulira ndi Henry Ruschmann. Tambiri mwa ito ndi pulasitiki wopyapyala wokutidwa ndi aluminiyamu, wopakidwa utoto, wodulidwa tizidutswa ta ngodya zisanu ndi imodzi. Kachidutswa kalikonse ndi kakalilole, ndipo tikamwazika timagona mopendekeka kosiyanasiyana, n'chifukwa chake timathwanima munthu akangotembenuza mutu.

Mayi akagula tokometsera keke awerenge bwino pa paketi, chifukwa pali tina topangidwa ndi shuga kapena zina zodyedwa, ndipo pali tina tapulasitiki tongokongoletsera, timene sitiyenera kulowa m'kamwa mwa mwana. Tapulasitikito sitiola. Ukwati ukatha anthu nakasamba, timatsika ndi madzi a m'bafa kulowa m'ngalande, ndipo ta m'madera ambiri a mzinda uno timakafika mu Mudi, umene madzi ake amakathera mu Shire. Asayansi amaika tizidutswa tonse tapulasitiki tosafika mamilimita 5 m'gulu la zinyalala zovuta kuzichotsa m'madzi, ndipo tizidutswa totere tapezeka m'mimba mwa nsomba m'maiko ambiri. Maiko a mgwirizano wa European Union adaletsa kugulitsa glitter wapulasitiki wongowaza kuyambira mwezi wa October m'chaka cha 2023. Kuno boma lidaletsa majumbo apulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho m'chaka cha 2019. Jumbo ikakodwa pa bango m'mphepete mwa Mudi, munthu angathe kuiona naitola. Kachidutswa kochokera pa chikope cha mperekezi wa mkwatibwi kamadutsa pansi pa mlatho popanda wokaona.